Mphezi Pabenchi

Anakumana pabwalo la basiketibolo, mpira utapulumuka m'manja mwa mnyamata wamtali n'kugwera kwa mtsikana wina.

"Dzalandeni, a Nyamalikiti!" anatero mtsikanayo. Anamuzemba kawiri n'kugoletsa.

Katswiri wolipidwa, wodziwika dziko lonse, kuchititsidwa manyazi chonchi! Iye anangoseka.

"Kuyambira lero ndiwe Mphezi wanga."

Chikondi chinayaka. Mameseji ankachita kuthamangitsana: "Wapamtima, ndidzaima nawe pamaso pa aliyense," ankalemba Nyamalikiti.

Bondo litamukanika, Nyamalikiti anasiya kusewera n'kulembedwa ukochi ku timu ya Mphezi yomweyo. Miseche sinachedwe.

"Angalephere bwanji kusewera, poti kochi ndi wake?"

Mawuwo ankamudya mumtima kochiyo, munthu wozolowera kutamandidwa.

Tsiku la fainolo kunabwera akuluakulu a timu yakunja kudzasaka osewera. Msinkhu wa Mphezi unali utapita, mwayi wina ngati uwu sukanabweranso. Ali mkati momanga nsapato, Nyamalikiti anamuyandikira.

"Lero uyambira pabenchi, wokondedwa. Atcheya a timu alamula."

Mphezi anakhala, thaulo pakhosi, maso kwa kochi wake. Nthawi inkatha. Anzake ankalowa, kutuluka. Iye osaitanidwa! Wezulo yomaliza inalira juzi yake ili youma. Alendowo anatenga wina.

M'mawa mwake anapita yekha ku ofesi ya atcheya.

"Bambo, ndinakulakwirani chiyani?"

"Ine? Mwanawe, si ine ndinkakuwa kuti akulowetse? Akochi ako ndiwo anakana."

Anam'peza Nyamalikiti m'chipinda chosungira zida, akupopa mipira.

"Ndiuze zoona. Ndani amandiposa mutimu muno?"

"Palibe."

"Nanga bwanji?"

"Anthu akanati ndikukondera," anayankha motsitsa mawu. "Ndinaopa, Mphezi. Ndikhululukire, mayi wa ana anga."

"Ana ake ati? Unaopa pakamwa pa anthu, koma misozi yanga sunaiope?"

Pampu ili m'manja, chimunthu chachitalicho chinangomuyang'ana akutuluka.

Mphezi anasamukira ku timu ina, komwe anamalizira masewero ake mwakachetechete. Nyamalikiti watengapo zikho zambiri chichokereni iye, ndipo manyuzipepala amamutcha kochi wosakondera. Akawerenga mawu amenewo mtima umamuwawa.

Tsiku lina analimba mtima n'kulemba: "Ndimakusowabe. Ndiloledwe kudzakuona?"

Yankho linabwera madzulo.

"Musavutike, akochi. Anthu angakuoneni."