Mkanda wa Kupukwa

Mu 2091, pa nyumba ya kafukufuku ku Zomba, makina otchedwa Chothothola ankagwira kantchentche ka pa nthochi osakaphwanya. Chibadwa cha chamoyo chilichonse chili ngati mikanda pa ulusi. Makinawo ankathothola mkanda umodzi m'kantchentcheko, ndiye madokotala ankaona chimene ana ake abadwa alibe.

Mwandida ankaphikira tintchentcheto phala ndi kutsuka mabotolo. Tsiku lina Dokotala Mkwapatira anakuwa, "Tawupeza mkanda wa kupukwa! Iti tikatisamutsa, sitifunanso botolo lakale."

Pasanathe chaka, kampani ya migodi ya ku mwezi inapanga jakisoni wake, woti antchito asamapukwe kwawo. Mwamuna wa Mwandida, a Gelesomu, analembedwa ntchito kumeneko kwa zaka zisanu ndi chimodzi, nabayidwa.

Patapita miyezi itatu, Mwandida anaona chinthu pa tintchentche topanda mkanda tija.

"Adokotala, tamphongoti tasiya kuyimba."

"Kuyimba, mayi?"

"Tinkatambasula phiko limodzi n'kumanjenjemeretsa pafupi ndi kakakazi. Pano tikungodutsana ngati anthu a mu depoti."

"Koma tikudya bwino."

"Nkhumbanso imadya bwino."

Lamlungu lililonse nkhope ya a Gelesomu inkaoneka pa galasi la pakhoma akamayimba lamya kuchokera ku mwezi. Anali atanenepa.

"Bambo a Tinenenji, mwana wayamba kuyenda!" anatero Mwandida.

"Zili bwino."

"Wamera mano awiri, akundiluma poyamwa. Tine, awo ababa!"

"Zili bwino. Kuno lero tadya nyemba."

A Gelesomu sanakwiye, sanapeze mkazi wina. Ankangomuyang'ana ngati kalendala ya chaka chatha. Kale, akangopita ku Liwonde masiku awiri, ankabwera ndi chitenje n'kumanama kuti anachitola pamsewu.

Lolemba adokotala anapeza Mwandida akulira pa sinki.

"Kubwezera mkandawo sitinadziwebe, mayi. Mwina zaka khumi. Koma jakisoni alipo. Mawa lomwe mtima ungakhale zii."

Mwandida anamulakalakadi jakisoniyo. Anaganiza zodya osasiya mbale ya munthu amene kulibe, zodutsa pa siteji ya basi osacheuka.

"Ndikabayitsa, Tinenenji akadzapita kusukulu yogonera ndidzamupukwa?"

Adokotala anayang'ana pansi.

"Ndiye jakisoniyo musiyeni," anatero Mwandida, akutsitsa mkono wa bulauzi. "Bambo ake akadzatsika, apeze wina akuwadikira."

Anabwerera ku mabotolo ake. Pa banja pamafunika mmodzi wosunga ululu, apo ayi pakhomo pamasanduka malo ongogonapo.