Mayendedwe a Yesaya Kalilangwe

Onesimo Gwaza anaimirira Lachiwiri m'mawa, patatha zaka zambiri ali pa njinga ya olumala. Panalibe womugwira. Anangoganiza zoimirira, ndipo miyendo imene inafa tsiku lomwe anagwa padenga la tchalitchi akukhoma malata inamva, inawongoka, n'kumunyamula.

Chimene chinachititsa zimenezi ankachitcha Mlatho. Tinali tizipangizo tiwiri, kalikonse kochepa ngati njere ya nyemba. Kamodzi madokotala ankakaika pansi pa chigaza, pamene ubongo umalamulira miyendo. Kena ankakaika kumsana, kumunsi kwa malo amene mtsempha waukulu unadukira. Kakumutu kankamva lamulo la ubongo n'kuliwolotsa popanda waya kupita ku kakumsana, monga munthu amafuulira mnzake kutsidya la mtsinje wosefukira.

"Pitani pazenera apo," anatero Dokotala Kanjedza, mayi amene ankatsogolera kafukufukuyu pa chipatala chatsopano cha mitsempha, kuseri kwa phiri la Dedza.

Onesimo anayenda. Sanadzandire ngati mwana wophunzira kumene. Ankaponda molimba, phazi lamanzere likutayikira kunja pang'ono, phewa likutsika nalo limodzi. Atafika pazenera anatembenuka, misozi ili chuchuchu.

Mkazi wake, Felesiya, anali atagwira pakamwa. Kenako anayankhula motsitsa mawu.

"Akuyenda, adokotala. Koma mayendedwe awa si awo."

"Zoona, si awo," anayankha dokotalayo. "Ubongo umangonena kuti tiye. Zoti mnofu uti ukoke, uti umasuke, zimasungidwa kumsana, ndipo za amuna anu zinafufutika. Tawabwereka mayendedwe a munthu wina."

"Wa kuti?"

"Wa konkuno. Dzina sititchula."

Munthuyo anali Yesaya Kalilangwe, mlonda wa nkhalango ya m'phirimo. Pamene ofufuza ankafuna anthu odzipereka, anabwera ambiri: asilikali, othamanga, amayi osenza mitolo. Aliyense anavala kachipewa kamagetsi ndi lamba wakumsana, n'kumayenda monga mwa masiku onse, makompyuta akujambula zonse zimene mitsempha yake inkachita. Kenako mayendedwewo anawayesa pa maloboti a miyendo ngati ya munthu. A othamanga ankagwetsa loboti pamatope. A asilikali ankaigwetsa potsetsereka. A Yesaya okha, amene anakulira pamiyala yoterera ndi pamizu ya paini, sankaigwetsa paliponse. Ofufuza anayesa kuwongola phazi lotayikalo mu kompyuta, ndipo loboti inayamba kugwa. Analibwezera mmene linalili.

Yesaya sanaone chimene mayendedwe ake anachita. Anamwalira ndi chibayo Mlatho usanaikidwe mwa munthu aliyense, n'kusiya mkazi wake Esinta ndi mwana mmodzi, Rute, amene anali atakwatiwa kale ku Ntcheu.

Esinta ankasoka pakhonde la sitolo ina pamsika. Makina opanga zovala okha anali atafala, koma zigamba ndi madiresi a chinkhoswe anthu ankabweretsabe kwa iye. Tsiku lina la chifunga, m'nyengo yozizira, anadzutsa mutu ndipo anaona mwamuna wake akudutsa pakati pa milu ya mbatatesi. Nkhope sanaione. Anaona msana, phewa, ndi phazi lija. Anasiya nsalu pansi pa singano n'kuthamanga wopanda nsapato.

"Bambo a Rute! Bambo a Rute!"

Munthuyo anatembenuka. Anali wamfupi, wandevu, wooneka kuti zaka zake sizinafike n'komwe pa za Yesaya. Anali Onesimo.

"Mwandiitana ine, mayi?"

"Pepani, bambo. Ndinakufanizirani ndi munthu wina."

"Palibe kanthu," anatero Onesimo, n'kupitiriza ulendo wake akuyenda ngati Yesaya.

Posakhalitsa Esinta anaona mtsikana wa yunifolomu ya sekondale akuyenda chimodzimodzi. Kenako mkulu wina wa mkanjo woyera akupita ku mzikiti. Chipatala chinali chitayamba kulandira odwala ochokera m'dziko lonse ndi kutsidya kwa malire, ndipo ambiri ankakhazikika m'tauni momwemo kuti akhale pafupi ndi madokotala. Esinta anamvetsa chimene chinachitika, pakuti ankakumbukira kachipewa kamene Yesaya ankabwera nako kunyumba, Rute n'kumamuseka kuti akuoneka ngati bowa. Koma kumvetsa sikunamuthandize. Mutu unkadziwa, mtima unkadumphabe nthawi iliyonse. Anatembenuza makina ake kuti aziyang'ana kukhoma. Pamenepo makutu anayamba kumuvutitsa, chifukwa pasimenti mapondedwewo ankamveka bwinobwino, phazi limodzi lolemera, lina lokhudza pansi mochenjera. Anaonda. Pomaliza anasiya kupita kumsika.

Akuchimuna nawonso sanakhale chete. Anatumiza mawu akuti mbale wawo sakugona m'manda, akungozungulira tauni ndi miyendo ya eni ake, mkazi wake akungoonerera.

Esinta anavala chitenje chake cha kutchalitchi n'kukwera minibasi yodziyendetsa yokha kupita ku chipatala. Analowa mu ofesi ya Dokotala Kanjedza ndipo anakana mpando.

"Ndine mkazi wa a Kalilangwe. Ndabwera kudzatenga amuna anga."

Dokotala anamuyang'ana n'kuyankha.

"Lamulo la zojambula za ubongo likuti mwini wake akamwalira, mawu ali ndi inu. Mukati tifufute, tifufuta, mu kompyuta ndi mwa odwala momwe."

"Ndiye iwowo zikhala bwanji?"

"Tiwapatsa mayendedwe ena amene tili nawo. Achinyamata ena adzazolowera. Ena azidzagwa kawirikawiri. Ena adzabwerera pa njinga, ndipo sindingakuuzeni kuti ndi ati."

"Simukundiletsa?"

"Ndilibe mphamvu imeneyo, mayi. Amuna anu tinawafunsa, anavomera. Sitinaganize kuti pali munthu amene angawazindikire popanda nkhope ndi dzina."

"Munthu ndinamutsatira pambuyo kuyambira utsikana wanga, kumunda, kutchalitchi, kumaliro. Nkhope yake ndinkaiona pang'ono kusiyana ndi msana wake." Esinta anamanga chitenje chake mwamphamvu. "Fufutani."

Dokotala anavomera ndi mutu. Ananena kuti odwala ayenera kuuzidwa kaye, ndipo ntchitoyo idzachitika mwezi ukatha. Tsiku lomwelo uthenga unafika kwa onse amene anali ndi Mlatho. Dzina la Esinta silinatchulidwe, koma m'tauni yaing'ono dzina silisowa womunyamula.

Ena anakambirana zopita kunyumba kwake chigulu, ena anawaletsa. Amene anafika anali awiri okha, masana ena dzuwa litatentha. Esinta ali m'nyumba anamva mapondedwe pabwalo odi asanamveke, ndipo anagwira khoma mpaka mtima utakhala pansi. Atatuluka anapeza Felesiya ndi Onesimo. Anayala mkeka, analonjerana. Onesimo anakakhala poteropo, pa chitsa.

"Sitinabwere kudzakunyengererani, mayi," anayamba Felesiya. "Ndimafuna ndikuoneni chabe, ndidziwe kuti m'nyumba mwanga ndikukhala ndi miyendo ya yani."

"Ndiye mwandiona."

"Inenso sindinazolowere. Akamatulukira kuseri kwa nyumba ndimadzidzimuka, ndimati kwabwera mlendo. Anga ankayenda mokhwekhwereza mapazi, ndinkawakalipira kuti akutha nsapato. Mayendedwe amenewo sadzabweranso. Inu mukuona anu paliponse. Ine anga sindiwazindikira mpaka atayankhula."

"Koma muli nawo."

"Ndili nawo. Ndipo kuchimbudzi akupita okha. Zaka zonsezi ndinkawabereka ngati khanda, kaya mvula kaya dzuwa, ana a anthu akuonerera pa mpanda. Mukafufuta ndiwaberekanso, palibe china. Ndi amuna anga."

Nkhuku inadutsa pamkeka ndipo palibe anaiingitsa. Kenako Esinta anatembenukira kwa Onesimo.

"Bambo, inu mumamva bwanji mukamayenda?"

Onesimo anakanda ndevu zake. "Ndimamva ngati ndakwera galimoto ya mwini, mayi. Koma woyendetsa wake ndi wosamala. Pamatope amachepetsa yekha, ine ndisanaone n'komwe kuti pali matope."

"Anali otero," anatero Esinta, ndipo kaphwete kanamupulumuka. "Sankafuna kudetsa buluku." Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. "Tayendani mukafike pa mtengo wa mapichesi uwo, mubwerere. Musafulumire."

Onesimo anaimirira. Popita anali Yesaya yense, akupita kunkhalango monga m'mawa uliwonse, ndipo Esinta sanaphethire. Pobwerera panali nkhope ya munthu wina, thukuta lili kamukamu pamphumi, maso ake ali pa iye ngati wodikira chigamulo pabwalo la milandu. Onse amene Esinta anawaona kumsika anawaonera kumbuyo, akupita, chifukwa akamabwera iye ankabisa maso ake. Uyu anamuyang'ana mpaka anafika pamkeka.

"Khalani pansi, bambo," anatero Esinta. "Mwatopa."

M'mawa mwake anabwerera ku chipatala.

"Amene ali nawo akhale nawo," anauza Dokotala Kanjedza. "Koma musapatsenso wina. Zili mu kompyutazo mufufute ine ndikuona."

"Pali ena amene akudikira Mlatho," anatero dokotala. "Adzadikira nthawi yaitali, chifukwa mayendedwe ena aja amagwetsa anthu."

"Ndikudziwa. Koma amuna anga asamachulukirechulukire ngati bonongwe. Penapake ayenera kuima."

Dokotala anagwira galasi la kompyuta ndi chala, ndipo zinatha msanga ngati kuzimitsa nyali.

Odikirawo anadikiradi, ndipo ena anamwalira ali pa njinga zawo. Patapita zaka ofufuza anapanga Mlatho watsopano, umene unkaphunzira thupi la wodwala n'kumupangira mayendedwe akeake, osabwereka kwa wina. Akuchimuna anatonthola. Esinta anabwerera pakhonde lake n'kutembenuzanso makina kuti ayang'ane kumsewu. Ofufuza anali otsimikiza kuti mayendedwe a Yesaya adzatha pamodzi ndi odwala oyamba aja.

Kenako amayi anayamba kubwera ku chipatala ndi ana aang'ono. Dandaulo linali limodzi: mwana akutaya phazi lamanzere. Madokotala anaunika mafupa, msana ndi ubongo, osapeza vuto. Oyamba anali ana a odwala aja, pakati pawo kamtsikana ka Onesimo ndi Felesiya, kamene kanabadwa bambo ake atayamba kale kuyenda. Pambuyo pake anabwera ana a anansi awo. Anabweranso ana a sukulu ya mkaka ina, kumene mphunzitsi wake anali mtsikana wa yunifolomu uja, tsopano mayi wamkulu. Palibe mmodzi mwa anawo amene anali ndi Mlatho. Anangoona akuluakulu akuyenda, iwo n'kuyenda chimodzimodzi.

Dokotala Kanjedza, imvi zitamera, anapita yekha kumsika nakhala pa benchi la makasitomala a Esinta.

"Ndili ndi funso, mayi. Phazi lija anabadwa nalo?"

"Ayi. Anaponda msampha wa nguluwe ali mnyamata. Waya unalowa mpaka pafupa."

"Zithunzi zathu zinaonetsa mwendo wabwinobwino."

"Unapola. Kungoti ankauopera basi, mpaka tsiku lawo lomaliza."

Nthawi imeneyo ana anali ataweruka kusukulu, ndipo anadutsa kutsogolo kwa khondelo ali piringupiringu, akukanganirana chinangwa chokazinga. Amayi awiriwo anawayang'ana. Pakati pa gululo panali angapo amene phazi lawo lamanzere linkatayikira kunja, phewa likutsika nalo limodzi. Anali othamanga bwino, ndipo pa ngalande yamatope ya pafupi ndi sitolo anachepetsa okha liwiro pamene anzawo ankaterereka.

"Mungathe kuwawongola?" anafunsa Esinta.

"Tingayese. Koma sakudwala, ndipo sindidziwa chimene tingawauze kuti tikuchiza."

Esinta anatsitsa singano pa nsalu n'kuyamba kupalasa makina. Dokotala anaimirira n'kutsanzika.

Msampha uja unadyedwa ndi dzimbiri kalekale m'nkhalango, ndipo mwini chilonda anagona, koma ku Dedza kuli ana amene akupondabe mosamala pa ululu umene sanaumvepo.