Pamtima pa Telala

Telala anapezeka atagona chagada pa mulu wa nsalu m'chipinda chakuseri kwa shopu yake, tepi yoyezera idakali m'khosi. Nthawi inali itangopitirira 4 koloko madzulo. Inspekita wa polisi, amene anzake ankamutcha Ndevu ngakhale ankameta tsiku lililonse, anagwada n'kukweza malaya a malemuyo. Mimba inali yotupa, yolimba ngati mpira wopopa kwambiri. Bala panalibe.

"Anamuona komaliza ndani?"

"Ine, bwana," anatero mkazi wa telalayo ataima pakhomo. "Chiyambire m'mawa ankadandaula kuti mtima ukuwapweteka." Polankhula anagwira pansi pa nthiti, pamwamba pang'ono pa mchombo.

Wogulitsa nsapato wa shopu yoyandikana sanadikire kufunsidwa. "Musadzivutitse, bwana. M'mawa anakangana ndi mng'ono wawo, kulimbirana makina osokera. Ndinamva ndi makutu angawa, 'Ndikuphulitsani mimba!'"

Dzuwa lisanalowe, mng'onoyo anali m'chitolokosi.

"Kunena ndinanenadi," anavomera m'chipinda chofunsira mafunso, thukuta lili kamukamu. "Pakamwa pangapa sindipagwira. Koma achimwene sindinawakhudze ngakhale ndi chala. Ndikamangidwa, ana anga aziti bambo awo anapha m'bale wawo?"

Achibale anali atamuweruza kale panja pa polisi. Mlanduwo unali wosalala kwambiri, ndipo milandu yosalala inkamusowetsa mtendere Ndevu. Anali ataonapo munthu akukalambira m'ndende chifukwa cha pakamwa pokha.

M'mawa mwake dokotala woyeza mitembo anamuitana.

"Chiwindi chinang'ambika, mimba yadzaza magazi," anatero akuvula magolovesi. "Koma si chibakera, si nsapato. Kafupa ka kumapeto kwa fupa la pachifuwa kanathyokera m'kati. Pamenepa panakanikizidwa mobwerezabwereza, pamalo amodzimodzi."

"Ngati mmene mumachitira podzutsa mtima woima?"

"Ndendende. Zimachitika ngakhale kwa ife, nthiti kuthyoka, chiwindi kapena chifu kuvulala. Koma apa manja anaikidwa m'munsi kwambiri. Ndiponso mtima unali usanaime. Ukanaima, magazi sakanatuluka ochuluka chonchi. Pamene ankamukanikiza, munthuyu anali atangokomoka basi."

Ndevu anaima du. Anakumbukira dzanja la mayi uja pakhomo la shopu, litagwira pamwamba pa mchombo.

Anatumiza galimoto kukamutenga. Mayiyo anakhala pamphepete pa mpando, atafumbata foni m'manja onse awiri.

"Mayi, tandilozerani pamtima."

Dzanja linapita pomwe paja, pamwamba pa mchombo.

"Pamenepo?"

"Nanga si pomwepa? Pakatentha timati pamtima pakutentha. Amayi anga ankatero, ine ndimatero."

Ndevu anayang'ana foni ija. "Dzulo masana munaimbira ndani?"

Mayiyo anayang'ana khoma. Ndevu sanamufulumize. Mbali ina ya khomalo kunkamveka mng'ono wa telala akutsokomola m'chitolokosi.

"Mwana wanga," anatero potsiriza. "Ndi namwino, amagwira ntchito kutali. Bambo ake atagwa pamakina, ndinasowa pogwira. Ndinawagwedeza, osayankha. Iye pafoni akukuwa, 'Akupuma?' Ine ndinati sindikudziwa. Ndiye anati, 'Amayi, sanjikizani manja, kanikizani pamtima ndi mphamvu zanu zonse, musasiye!' Ndinakanikiza, bwana. Ndinamva kanthu kakuti thyo, koma mwana anali atanena kuti ndisasiye."

"Kenako?"

"Anadzuka!" anatero mayiyo. "Anatsegula maso, n'kuseka. Anati, 'Mayi ake a mwana, mwayesa ndine mtanda wa buledi?' Ndinati tiyeni kuchipatala, anakana, akuti ali ndi suti ya ukwati yoti amalize. Anangopempha madzi, n'kuti agoneko pang'ono chifukwa m'mimba mukupota. Ndinawafunditsa ndekha. Nditabwerako kokagula mankhwala, anali atazizira."

"Ndipo munaona alamu anu akukwezedwa m'galimoto yathu, inu duu."

"Ndinaona mimba ija itatupa pomwe panali manja anga, ndinadziwa." Misozi inayenderera mpaka pachibwano. "Ine achibale anditukwane, andithamangitse pamaliro, zilibe kanthu. Koma mwana uja ndi amene anandiuza chochita. Akuganiza kuti anapulumutsa bambo ake, kuti chinawatenga pambuyo pake n'china. Akamva zoona, adzagwiranso wodwala ndi manja ati?"

Ndevu anagwira ntchitoyi zaka zambiri, koma chisoni chotere anali asanachimvepo pamaso pa munthu wovomera mlandu. Anatsegula chitseko n'kuuza wapolisi wa pakhonde kuti akatulutse mng'ono wa telala.

"Kukanikizako sindikuonapo mlandu wakupha, mayi," anatero atabwerera. "Mwana wanu ananena pachifuwa, inu munamva pamimba, mawu ake amodzi omwewo. Koma kusiya munthu wosalakwa m'chitolokosi, zimenezo mukazifotokoza. Ndipo lipoti la dokotala banja lonse lilimva lero."

"Iyenso?"

"Ndi namwino. Akangoliwerenga, adziwa."

Foni ija inayamba kunjenjemera m'manja mwa mayiyo. Anayang'ana dzina, kenako anayang'ana Ndevu.

"Ndi iyeyo. Ali m'basi, akubwera kumaliro."

"Ndi bwino amve kwa inu kusiyana ndi kwa ine."

Foni inalira mpaka kutsala pang'ono kuduka. Mayiyo anapukuta dzanja pa diresi, n'kuiika kukhutu.

"Mwana wanga," anatero, "muja unati pamtima, unkanena pati?"