Bawuti Yakumanzere

Fryson adatuluka m'galaja cha m'ma faifi koloko madzulo, koma kunja kudali kale bii. Disembala wa ku Glasgow ndi wotero, dzuwa limangosuzumira n'kubwerera kwawo. Adakhoma loko, n'kuponya kiyi m'thumba la jekete, zinthu zitamukwana.

Chomukwana chidali chigalimoto chofiira cha ku America, cha m'ma 1960, chimene adabwereka kwa mayi Dorica, mayi wamasiye wa kutchalitchi kwawo. Galaja nayonso idali ya mayiwo. Loweruka Aleke, mwana wake wa Fryson, amakwatiwa, ndipo Fryson, poti pakamwa pake sipatsekeka, adalonjeza pamaso pa komiti yonse kuti mkwatibwi adzakwera chimenechi. Injini idadzuka tsiku limodzi. Vuto lidali kumbuyo: masipuling'i onyamula thupi la galimoto adatopa kalekale, galimoto n'kumakhala pansi ngati bakha. Adagula atsopano olimba, ndi mashoki omwe. Kumanja adamaliza. Kumanzere bawuti imodzi yadzimbiri idakana kumasuka masiku atatu, ndipo lero lidali Lachinayi.

Ndiye malangizo ake! Mkamwini akuti bambo muonere pa foni. Abusa akuti tingobwereka ina. Mkazi wake Kettie, yemwe adali namwino, akuti mugule miyendo yachitsulo yokhazikapo galimoto. Iye Fryson, amene adakhazika malole pa njerwa zaka makumi awiri ku Ndirande, lero aphunzitsidwe ndi namwino? Adatola njerwa kuseri kwa galaja, n'kusanja zinayi uku zinayi uku, basi. Tsopano ankapita kunyumba kukatenga chipaipi chachitali choti avekere pa sipanala. Akabwera alowenso pansi pa galimotoyo, akoke ndi mphamvu zake zonse, aone ngati bawuti ili ndi mwini.

Njira yachidule idadutsa m'mbali mwa mpanda wa manda a ku Sighthill. Kamvula kankawaza. Msewu udali zii.

Atafika pakati pa mpandawo adamva kupuma kumbuyo kwake. Kupuma kwa mluzu, kokoka movutikira. Fyuu… fyuu…

Adacheuka. Munthu wa ovololo yabuluu, wamkulu ndithu, akuyenda chowerama, dzanja lili pachifuwa.

"Yakumanzere, eti achimwene?" adatero munthuyo, m'Chichewa chenicheni.

Fryson adangotsinzina. Wina uyu! Glasgow yonse yasanduka amakaniko. "Bambo, pepani, ndatopa. Malangizo ndalandira okwanira."

"Njerwa za kuno zimamwa mvula."

"Njerwazo ndi zanga. Galimoto ndikuidziwa."

"Nanenso ndinkatero."

Fryson adawonjezera liwiro. Mluzu uja sudatsale. Udali paphewa pake penipeni. Pansi pa nyale ya mumsewu adamuponyera diso. Iye mpweya wake unkatuluka ngati utsi, chifukwa cha chisanu. Pakamwa pa mnzakeyo padalibe kanthu. Jekete yake idanyowa. Ovololo ija idali youma gwa.

Nsapato zinkamveka ziwiri zokha. Zake.

Pachifuwa pa munthuyo… padali polowa mkati. Ngati chitini chopondedwa.

"Mwanayo akufuna womuperekeza Loweruka," adatero mawu aja, pafupi ndi khutu. "Ndipatseni kiyi wanga."

China chake chozizira chidakhudza thumba la jekete. Mayo! Fryson adaliyatsa liwiro, bambo wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi ziwiri, osacheukanso. Adakaima pa siteji ya basi, pamene mayi wina wachizungu adamuyang'ana n'kufinya chikwama chake. Kumbuyo kudalibe munthu. Mpanda ndi mvula basi.

Adapisa m'thumba. Kiyi mulibe.

Apa mantha adathawa, ukali n'kubwerera pamalo pake. Wakuba! Kupuma konse kuja, nkhani za njerwa zija, kudali kumupusitsa kuti amupise m'thumba. Mmalawi mnzake, kubera Mmalawi mnzake kunja kuno! Ndipo galimoto ya eni ili m'galaja. Adathamangira ku fulati ya mayi Dorica, imene idali chapafupi, n'kugogoda ngati wapolisi.

"Mayi, kiyi wina uja muli naye? Wina wandibera. Tiyeni msanga."

Mayi Dorica sadafunse zambiri. Adavala chikhoti pamwamba pa chitenje, n'kutenga kiyi ndi tochi. Njira yonse Fryson ankangolalata. Anthu a masiku ano, ulemu palibe, munthu wamkulumkulu ndithu, imvi mbuu, kumaba makiyi pamanda. Mayiwo ankangowalitsa tochi kutsogolo.

Loko adamupeza ali chikhomere. Fryson adatsekula, n'kukankhira chitseko m'mwamba. Mayi Dorica adawalitsa tochi.

Galimoto idali pansi.

Njerwa zakumanzere zidaphwanyika, zidangosanduka phala lofiira. Chitsulo chonse cha kumbuyo chidatsamira pa simenti, ndendende pa katoni imene Fryson ankagonapo chagada masana onse. Sipanala yake idapindika pansi pake. Kapu yake ya tiyi idali phwatalala.

Pamwamba pa boneti padali kiyi wake, woikidwa bwinobwino.

Fryson adatola kiyi uja. Adaganiza za chipaipi chija. Akadalowa pansipo n'kukoka kamodzi kokha…

"Wakubayo," adatero mayi Dorica pang'onopang'ono, "adavala chiyani?"

"Ovololo yabuluu. Amapuma ngati wezulo. Pachifuwa apa…" adaloza pake, osamaliza.

Mayiwo adatsamira khoma. Sadalire. Adapukusa mutu ngati mkazi amene watopa ndi mwamuna wosamva.

"Ndi bambo Ezekiel amenewo. Amuna anga. Inu mudabwera kuno iwo atapita kale, ndipo kutchalitchi ndimangoti idali ngozi ya galimoto. Ngoziyo idachitikira pano, zaka khumi ndi chimodzi zapitazo. Ndidawapeza ine ndemwe, nditabweretsa tiyi." Adawalitsa tochi pa bawuti yadzimbiri ija. "Adalimbana nayo sabata yathunthu. Ndidawauza kuti mugule miyendo yachitsulo. Adandiyankha kuti iwo adakhazika malole pa njerwa ku Kanengo ine ndisanabadwe."

Foni ya Fryson idalira m'thumba. Adaitulutsa. Adali Aleke.

"Adadi, suti yanu ndatenga. Mubwera nthawi yanji mudzayese?"

Fryson adakhala pansi pa simenti yonyowa, maso ali pa katoni ija.

"Ndikubwera, mwanawe," adatero. "Uwauze amayi ako andiuze kumene amagulitsa miyendo ija."