Mayina a M'kope la Ackim

Ackim wa kwa Kuntaja anali ndi mutu, koma nzeru zokha sizigula sopo. Anaphunzira za makompyuta ku Blantyre, n'kubwerera kumudzi ndi satifiketi komanso nsapato zoyasama. Chuma chake chonse chinali kope limodzi, momwe kwa zaka zitatu ankalembamo pulani ya gemu ya pafoni: mapu a mudzi, anthu ake, malamulo ake, ndi zochitika wosewera akalephera. Makampani amene anawaonetsa pulaniyo ankangoti, "Tikuimbirani."

Chomuwawa kwambiri chinali Rodney, mnzake amene ankakopera kwa iye m'kalasi. Tsopano Rodney ankadutsa pa Chileka pa galimoto yoyera, n'kumuimbira hutala. Nsanje inamudya Ackim mpaka lamba anasowa pobowola.

Lachiwiri lina masana anakwera minibasi ya ku Lirangwe, kupita kwa a Januwale, sing'anga amene anthu ankamutchula monong'ona. Mkuluyo anatsegula kope lija n'kulinunkhiza.

"Anthu awa ndi a kuti?"

"Ongopeka, agogo."

"N'chifukwa chake palibe akugula. Mankhwala anga sagwira pa munthu wopanda magazi. Ukalembe kope latsopano. Aliyense wa m'gemumo akhale wapakhomo panu, ndi dzina lake lenileni. Ndipo ogulawo akanena kuti chotsa uyu, ukhwatche ndi dzanja lako. Osakana."

"Ndikakhwatcha pachitika chiyani?"

A Januwale anaseka osatsegula pakamwa. "Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Ukufuna kapena ayi?"

Tisamunamizire umbuli mnyamatayu. Iye ankadziwa bwino kuti palibe pulani ya gemu imene imafika popangidwa osadulidwa kanthu. Koma anakumbukira hutala ya Rodney, ndipo anatambasula dzanja kuti amuteme mphini.

M'kope latsopanolo analembamo galu wawo, amalume ake a Howard ogulitsa tomato panjinga, ndi anthu awiri oyendetsa nkhani yonse: iye mwini ndi Duwa, mchemwali wake amene anamulera makolo atamwalira.

Sabata isanathe, kampani ina ya ku Joni inaitenga pulaniyo. Ndalama zinalowa ngati madzi a m'ngalande. Nyumba ya malata inaima, galimoto inabwera, ndipo Rodney ndi amene anayamba kupereka moni. Lachisanu lililonse Ackim ankakambirana pafoni ndi mayi wina wa kukampaniko, kukonza pulani ntchito yopanga gemu isanayambe.

"Galuyu atidyera nthawi yojambula," anatero mayiyo tsiku lina. "Mchotseni."

Ackim anakhwatcha. Madzulo ake anampeza galuyo ali gwa pansi pa mtengo wa mango. Anadziuza kuti wadya poizoni wa makoswe.

Patapita mwezi mayi uja anati, "Bambo wa tomatoyu sakuthandiza chilichonse m'nkhaniyi."

Ackim anagwira bolopeni nthawi yaitali. Kenako anayang'ana galimoto panja, n'kudula mzere. A Howard anagwa panjinga akuchokera kumsika, dzuwa likuswa mtengo, osadwala ngakhale chimfine. Ackim anagula bokosi lonyezimira ndipo anthu anamutama pamaliro. Koma kuyambira tsikulo ankamva belu la njinga kumbuyo kwake, ngakhale ali m'galimoto atatseka magalasi. Inki ya mzere uja sinaume. Akatsegula kope, inkamudetsa zala.

Kenako linafika Lachisanu limene ankaliopa.

Mayi uja anati, "Anthu awiri otsogolera achuluka. Tsalani ndi mmodzi. Mutiuze Lachisanu likubwerali."

Tsiku lomwelo Duwa anayamba kufooka, miyendo kukana kumunyamula. Kuchipatala sanapeze kanthu. Ackim anathamangira ku Lirangwe n'kugwada pafumbi.

"Agogo, tengani galimoto, tengani nyumba. Achemwali anga okha ndisiyireni."

"Galimoto ndiitani ine?" anatero a Januwale akusenda chinangwa. "Ndinakuuza kuti osakana. Dzuwa la Lachisanu likalowa usanakhwatche, kope lisankha lokha. Ndipo likamasankha lokha, silitenga mmodzi."

Lachisanu masana Ackim anakhala pakhonde, kope lili pamiyendo. Duwa anali gone pamphasa, akupuma movutika. Belu la njinga linkalira pafupi kwambiri, ngati a Howard aima pabwalo pomwepo. Mayina awiri aja anali ogundizana pa tsamba limodzi, ndipo ndikuuzeni zoona, bolopeni inayamba yalunjika pa dzina la Duwa.

Duwa anatsegula maso. "Achimwene, mwadya koma lero?"

Ackim analira ngati mwana. Anasuntha dzanja, n'kukhwatcha dzina lake.

M'mawa mwake Duwa anadzuka n'kusesa pabwalo. Ackim sanafe, koma amene anadzuka m'thupi mwake sanalinso Ackim. Kampani inaisiya gemuyo, galimoto inagulitsidwa, nyumba inatsala ya mileme. Lero mukatsika pa Lirangwe mumupeza m'mbali mwa msewu, akujambula timabokosi pafumbi ndi kamtengo, n'kumatikhwatcha kamodzikamodzi. Njinga ikaimba belu amabisala kuseri kwa benchi la tomato. Duwa amakwera minibasi kukamupatsa chakudya, ndipo iye amalandira ndi manja awiri n'kufunsa mwaulemu, "Ndinu ndani, mayi?"

Abale anga, kuona maso a nkhono n'kudekha. Chuma cha kukhwima chimalipiridwa ndi anthu ako, ndipo akatha, chimakutenga iwe.