Wotchi ya Kutsidya

Loretta Pelkey anatuluka m'kalesitilanti ka padoko mdima utagwa kale, botolo la mapilisi a mtima lili m'thumba la jekete. Basi yochokera ku tauni inali itachedwa maola atatu.

"Gonani konkuno, mayi," anatero mtsikana wogulitsa khofi ali pakhomo. "Madzi akubwera."

Loretta anayang'ana wotchi yake. "Ndili ndi ola lathunthu. Ndinayamba kuwerenga madzi iwe usanamere mano."

"Bambowo sangagone okha usiku umodzi?"

"Popanda ine angagone chaka. Popanda awa, sindikudziwa ngati angafike m'mawa."

Iye ndi mwamuna wake Winslow anagulitsa nyumba atapuma pa ntchito n'kugula boti la matanga, ndipo chino chinali chaka chachitatu akuyenda m'mbali mwa gombe. Dzulo lake, powoloka kuchoka ku Maine kulowa ku Canada, funde linalowa pazenera n'kusungunula mapilisi onse a Winslow. Anaponya nangula kuseri kwa kachilumba, ndipo Loretta anamusiya atagona, milomo itayamba kuda, foni ili pachifuwa pake.

Kachilumbako kamalumikizana ndi mtunda ndi msewu wa miyala umene umaoneka nyanja ikaphwa basi. Ikadzaza, pamsewupo pamadutsa maboti.

Loretta anadutsa manda a asodzi amene ali pamutu pa msewuwo osacheuka, n'kutsetserekera pamiyala. Nkhungu inali itatsika. Tochi yake inkangoonetsa mapazi ake ndi ndere zonyowa.

Anayenda mphindi khumi. Khumi ndi zisanu. Kenako nsapato inati chubwi.

Chithaphwi chabe, anadziuza. Koma chithaphwi sichiyenda. Madzi awa ankayenda, kuchoka kumanzere kupita kumanja, mwakachetechete.

Anabwerera m'mbuyo. Madzi. Anatembenukanso. Madzi. Magetsi a padoko anali atazimirira mu nkhungu. Atazungulira kawiri, sanadziwenso kumene kunali mtunda ndi kumene kunali chilumba.

M'akakolo... m'akatumba...

Anakuwa dzina la Winslow, ngakhale ankadziwa kuti munthuyo sangathe n'komwe kukwera makwerero atatu a m'boti.

"Wotchi yanuyo ndi ya kutsidya."

Mtima unati phwii! Pambali pake panaima mwamuna wovala chijasi chachikasu cha asodzi, chipewa chitaphimba maso. Analibe nyali.

Loretta anamvetsa nthawi yomweyo. Kuno nthawi ili patsogolo ndi ola limodzi, ndipo kabuku kosonyeza nthawi imene nyanja imadzaza ndi kuphwa, kamene anawerenga padoko, kanali ka nthawi ya kuno. Powoloka malire dzulo, manja ake anali pachiwongolero, maso pa Winslow. Wotchi sanaisinthe. Ola limene ankadalira linali litatha iye akumwa khofi.

"Pondani m'mene ndikuponda ine," anatero munthuyo, n'kuyamba kuyenda.

Sanalunjike. Anakhotera kumanzere, kumene madzi ankachokera. Loretta anafuna kutsutsa, koma pansi pa mapazi pake anamva mzere wa miyala ikuluikulu, yokwererapo pang'ono. Anatsatira.

M'mawondo. Kuzizira kunkaluma mafupa. Anatulutsa botolo lija n'kuliika m'chipewa, pamutu.

"Mwanyamulanji?" anafunsa munthuyo osacheuka.

"Mankhwala a amuna anga."

Munthuyo anapitiriza kuyenda.

"Anga sanafike," anatero.

Loretta analozetsa tochi pamsana pake. Madzi ankamukoka iye, kum'pinda miyendo, kuwira thovu m'chiuno mwake. Koma pa munthu uja ankangodutsa. Osagawanika. Osachita phokoso. Ngati palibe chilichonse chaima pamenepo...

Anazimitsa tochi. Zinthu zina n'kwabwino kusaziona uli ndi ulendo.

M'chiuno. M'nthiti. Phazi linaterereka, mchere unalowa m'kamwa. Dzanja limodzi linali pachipewa.

"Masitepe khumi otsala," anatero mawu aja kutsogolo. "Werengani."

Anawerenga. Pachisanu ndi chiwiri madzi anatsikira m'ntchafu. Pa khumi anagwa chogwada pa udzu wouma.

"Tiyeni kuboti," anatero Loretta akunjenjemera. "Kuli mbaula, kuli tiyi."

"Ine ndimalekezera pano."

Atayatsa tochi, panali nkhungu yokha.

Anapalasa kabwato kamene anakasiya pagombe la chilumbacho mpaka kuboti. Winslow anameza pilisi, n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndinakutuma mankhwala, nkhalamba iwe, osati kukasambira."

"Khala chete, upume."

M'mawa mwake nyanja itaphwa, Winslow akuliza mkonono, Loretta anawolokanso kuti akafunse nyumba ya msodzi uja. Mtsikana wa khofi anamvetsera mpaka pamapeto, osaseka. Kenako anavula epuloni n'kumutsogolera ku manda aja.

Pamwala wina wakumapeto panalembedwa dzina loti Alton Guptill.

"Ankagwira ntchito kutsidya, pafakitale ya nsomba," anatero mtsikanayo. "Mkazi wake anadwala chibayo pachilumbapo. Iye anabwera usiku ndi mankhwala, wotchi yake ili pa nthawi ya kuntchito. Anamupeza patatha masiku anayi, botolo lili m'manja. Mkaziyo anali atapita kale. Zaka makumi atatu zapitazo, ine ndisanabadwe."

Kuseri kwa mwalawo kunali kamtengo kachitsulo, ndipo pamenepo panapachikidwa mawotchi. Ena anali a dzimbiri, ena malamba akadali ofewa. Loretta anawerenga: khumi ndi imodzi.

"Eni ake onsewa anafika?"

"Onse."

Loretta anamasula yake. Inali ikuyendabe, ikadali m'mbuyo ndi ola limodzi. Sanaikonze. Anaipachika pamodzi ndi ena aja, n'kufunsa mtsikana uja nthawi, chifukwa madzi anali atayamba kale kubwerera.