Khadi Losowasowa la Wojambula

Pamsika wa zamagetsi onse ankamutchula kuti Dokotala, chifukwa laputopu yolowa m'kashopu kamene ankagwiramo ntchito ili chikomokere inkatuluka ikupuma. Tsiku limene Wojambula anafika, mtsikanayu anali atatopa kale, msana ukuwawa, maso ali psuu ndi kusuzumira tisikulufu.

Wojambula anali mnyamata wa kamera pakhosi ndi uchi pakamwa. Anaika laputopu patebulo n'kudandaula kuti wayifayi yasowa, akulephera kutumiza zithunzi kwa makasitomala.

Dokotala anafufuza. Laputopuyo sinkaliona n'komwe khadi la wayifayi, ngati mulibe. Anaitsegula kumsana, anazula kakhadiko, anapukuta timano take n'kukabwezera. Kenako anaika dalaiva yakale, kapulogalamu kamene kamachititsa kuti laputopu izimvana ndi khadi lake. Wayifayi inabwerera.

"Manja amenewa angakonzenso mtima?" anafunsa Wojambula.

"Mitima sitikonza kuno, achimwene. Chipatala chili kutsidya kwa msewu."

Koma nambala anamupatsa. Munthu wotopa sachedwa kugwa ndi amene wamufunsa ngati wadya.

Mameseji anayamba kugwa ngati mvula. "Dokotala wanga, wadzuka bwanji, duwa langa?" Tsiku lina kunabwera ina imene anaiwerenga mpaka kuiloweza: "Wina kulibe, ndiwe wekha. Chaka chino chisanathe ndikuveka mphete."

Anakhulupirira. Anamutengera kunyumba kukamuonetsa kwa mng'ono wake, mtsikana wa pakoleji amene ankakhala naye. Awiriwo anapatsana moni mwaulemu, mng'onoyo maso pansi, akuti, "Takulandirani, alamu." Dokotala mtima unali mbee. Mwezi womwewo anagulira mng'ono wakeyo foni yatsopano, ndipo pasiwedi ya hotisipoti, njira imene foni imagawira intaneti ku zipangizo zina, anaikamo yekha ndi zala zake.

Chosowetsa mtendere chinali laputopu ija. Inkachoka ili bwinobwino, pakangopita masiku ochepa n'kubwerera khadi litasowanso. Nthawi zonse Dokotala ankapeza kuti dalaiva yake yachotsedwa, mwalowa ina yatsopano yosagwirizana ndi khadi lakalelo. Iye ankadziwa kuti dalaiva yotere sigwa kumwamba. Laputopu imaikoka yokha ikangolumikizidwa pa intaneti.

Anamufunsa kumene amailumikiza.

"Ndilumikize kuti, wokondedwa? Kwathu kulibe intaneti. Ndikafika kuntchito n'kuyatsa, ndimapeza khadi lapita kale."

Ndani angatsutse pakamwa pomwe pamutchula kuti wokondedwa? Dokotala anadziuza kuti mwina wolakwa ndi iye, mwina dalaivayo imalowa m'shopu momwemo poyesa. Anayamba kuyesa mosamala, anasintha timawaya ta khadi, anamanga sikulufu yatsopano, anapemerera fumbi lomwe kunalibe. Abwana ake ankangopukusa mutu, akuti laputopu imodzi yamudyera mwezi pomwe za anthu ena zikuchita nkhungu pashelefu. Ndipo zinali zoona. Anatopa nayo, koma ankaopa kuti akalephera kuikonza, mwini wakeyo amuona wachabechabe.

Lamlungu lina masana anabwera nayo kunyumba, atatsimikiza kuti lero ndi lero. Anakhala pamkeka, laputopu pamiyendo, mng'ono wake akusita zovala pakona. Anachotsa dalaiva yatsopanoyo n'kubwezera yakale. Khadi linaonekera.

"Tayatsa hotisipoti, ndiyese," anatero.

Mng'onoyo anadina foni yake osaganiza kawiri, n'kubwerera kusimbi. Dokotala anaika zala pa mabatani, kudikira kuti laputopu ifunse pasiwedi.

Sinafunse.

Inangolumikiza yokha, mwakachetechete, ngati mwana wolowa m'nyumba ya kwawo. Pakona ya sikirini panatuluka kauthenga konena kuti yayamba kukoka dalaiva yatsopano.

Dokotala ntchito yake ankaidziwa. Laputopu simalowa popanda pasiwedi pamene sinalowepo. Foniyo inali yatsopano, ndipo laputopuyi inali isanayatsidwepo m'nyumba muno iye akuona. Vuto lomwe linamuwawitsa msana mwezi wonse linali litapezeka, ndipo linali litaima pakona, likusita bulauzi.

"Iwe," anaitana motsitsa, "laputopu iyi yaidziwira kuti foni yako?"

Mng'ono wake sanatembenuke. Simbi inakhala pamalo amodzi mpaka fungo la nsalu yopserera linadzaza chipinda.

"Ndikufunsa iwe."

"Achemwali, pepani," anatero mng'onoyo. "Timakumana ndikaweruka kukoleji. Amatumizira zithunzi zake pafoni yangayi."

"Ndiye ine ndine ndani pamenepa?"

Mtsikanayo anayamba kulira. "Anati akuuzani yekha. Anati tidikire kaye mumalize kukonza laputopu."

Dokotala anafuna kukuwa, koma mphamvu zake zinali zitathera m'tisikulufu. Zinamupweteka kwambiri, osati za mphete zokha, koma kuti chizindikiro anachiona tsiku loyamba lomwe khadi linasowanso, n'kusankha kukhulupirira munthu m'malo mwa zimene maso ake ankadziwa. Anangouza mng'ono wake kuti achotse simbiyo asanaotche nyumba.

Foni yake inalira. Inali meseji ya Wojambula: "Duwa langa, yatheka? Ndakusowa!"

Anaiyang'ana nthawi yaitali, misozi ikugwera pa mabatani. Kenako anaipukuta ndi nsonga ya malaya, anaimitsa dalaiva yomwe inkalowa ija, n'kutseka njira yoti laputopu izikoka madalaiva payokha. Inali ntchito yaing'ono, yomwe akanaichita kalekale akanauzidwa zoona. Anazimitsa, anayatsanso. Khadi linalipo. Anabwerezanso, linalipobe.

Anakulunga chingwe cha chaja bwinobwino, monga amachitira ndi kasitomala aliyense, ndipo analemba:

"Yatheka, achimwene. Vuto ndalipeza. Mukaitenge kwa abwana mawa. Ilumikizeni kulikonse kumene mukufuna, khadi silidzasowanso, ndipo simudzakhalanso ndi chifukwa chobwerera kwa ine."